Okonda nkhani zopeka za sayansi mu London anayambira pa bala

Achemwali, mwafunsa ngati mu London muno muli gulu la anthu okonda nkhani zopeka za sayansi, komanso kuti linayamba liti. Lilipo ndithu, ndipo ndi lakale kwambiri.

M'zaka za m'ma 1930, magazini a nkhani zotere ochokera ku America ankasindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi ma adiresi awo. Anyamata a kuno ku Britain anayamba kulemberana, kenako kukumana maso ndi maso. Msonkhano wawo woyamba unachitikira ku Leeds mu 1937, koma posakhalitsa zochitika zambiri zinasamukira ku London. Wolemba mabuku Arthur C. Clarke, asanatchuke, ankachita lendi pa 88 Gray's Inn Road limodzi ndi mnzake William Temple, ndipo nyumbayo inasanduka bwalo la anzawo onse. Nkhondo itabuka mu 1939 anabalalika, ambiri n'kupita kuusilikali.

Gawo limene ine limandisangalatsa ndi la nkhondo itatha. Mu 1946 anayamba kukumana Lachinayi lililonse madzulo pa bala ina yotchedwa White Horse, mumsewu wa Fetter Lane. Panalibe wapampando, panalibe mlembi, panalibe ndalama yolembetsera. Munthu ankangofika, kugula chakumwa chake, n'kuyamba kucheza. Ife tikayambitsa gulu, tsiku loyamba lomwelo tasankha kale komiti yonse mpaka msungichuma, ndipo mwezi wachitatu usanathe tayamba kukangana za zopereka. Iwo anangogwirizana tsiku ndi malo basi, ndipo ndikuona kuti n'chimene chawasunga mpaka lero. Olemba ngati John Wyndham ndi Clarke ankakhala tebulo limodzi ndi owerenga wamba. Buku la Clarke la mu 1957, Tales from the White Hart, linatengera macheza a pabalapo, iye anangosintha dzina.

Musaganize kuti ankangomwa. Magazini ya New Worlds itangotuluka katatu, kampani yoisindikiza inagwa. Anthu a pa White Horse anasonkherana ndalama, n'kutsegula kampani yawo ya Nova Publications, ndipo magaziniyo inayambiranso mu 1949, mkonzi wake ali John Carnell. Ndi yomweyi imene Michael Moorcock anadzaitenga mu 1964 n'kuisintha kwambiri kalembedwe.

Mu 1953 woyendetsa balayo, Lew Mordecai, anasamukira ku bala ina yotchedwa Globe, mumsewu wa Hatton Garden, ndipo gulu lonse linamutsatira, osatsalako. Pambuyo pake anayamba kukumana kamodzi pamwezi, Lachinayi loyamba. Mu 1974 anasamukira ku bala ya One Tun, komwe okonda masewero a pa TV a Star Trek ndi Doctor Who anayamba kudzaza, akuluakulu ena okonda mabuku okhaokha n'kumang'ung'udza. Kudandaula kwawoko sindikugwirizana nako, chifukwa gulu loyamba lija linali pafupifupi la amuna okhaokha, ndipo obwera atsopanowa ndi amene anathandiza kuti akazi ndi achinyamata achuluke.

Za misonkhano ikuluikulu, Worldcon, msonkhano wa dziko lonse lapansi wa okonda nkhanizi, inachitikira koyamba kunja kwa North America mu 1957 ndipo inabwera ku London konkuno. Anthu sanafike n'komwe 300. Inabweranso mu 1965, kenako mu 2014 ku holo yaikulu ya misonkhano ya ExCeL, komwe kunasonkhana anthu masauzande ambiri. Palinso bungwe la British Science Fiction Association, la mu 1958, lomwe lili ndi mamembala olembetsa ndipo limapereka mphoto chaka ndi chaka.

Poti ndinu mlendo mumzinda uno, yambani ndi macheza a Lachinayi loyamba aja, sadzakufunsani khadi pakhomo. Bala yasintha kangapo kuchokera nthawi ya One Tun, choncho musananyamuke sakani pa intaneti mawu akuti "First Thursday" ndi "London fandom" kuti mudziwe kumene akukumana mwezi uno. Ngati simumwa, zoziziritsa kukhosi amagulitsanso.