Mwana wanga akusainira katundu amene sanabwere: aulule kapena akhale chete?

Funso: Mwana wanga wamkazi wangoyamba kumene ntchito mu ofesi ya zandalama pa kampani ina. Abwana ake, omwenso anamuthandiza kupeza ntchitoyi, amamupatsa mapepala oti asaine kuti katundu wafika pamene katunduyo sanabwere. Iye akufuna kukanena. Ine ndamuuza kuti akhale chete, chifukwa munthu sayiwala amene anamuchitira zabwino. Kodi ndikulakwitsa?

Yankho: Mayi, mantha anuwa ndi omveka, ndipo mwachita bwino kumuphunzitsa mwana kuyamika. Koma pa nkhani iyi sindikugwirizana nanu. Ine chikundidetsa nkhawa ndi siginecha yake. Tsiku limene owerengera ndalama adzatsegule mafayilo, dzina limene adzalione pa mapepalawo ndi la mwana wanu. Abwana aja akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake sakusaina okha.

Zoterezi zinachitikapo ku kampani ya mafoni ya WorldCom ku America. Mayi wina wa mu ofesi ya zandalama, Betty Vinson, ankauzidwa ndi akuluakulu ake kuti alembe manambala abodza m'mabuku. Poyamba anakana, kenako anagonja poopa kutaya ntchito. Mu 2002, mayi winanso wa pa kampani yomweyo, Cynthia Cooper, pamodzi ndi anzake ofufuza mabuku, anapeza kuti ndalama zokwana madola 3.8 biliyoni zinalembedwa mwachinyengo, ndipo anakanena ku komiti ya bodi yoona za mabuku. Kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Mu 2005 Vinson analamulidwa kukakhala kundende miyezi isanu. Mawu oti "ndinangotumidwa" sanamupulumutse.

Ndiye funso loti mwana wanu ayenera kukhulupirika kwa ndani lili ndi yankho. Anamulemba ntchito ndi kampani, ndipo anamuika pa mpando umenewo kuti aziteteza ndalama zake. Ndalamazo zikamatuluka popanda katundu, ovutika ndi antchito anzake amene malipiro awo adzachedwe kapena amene adzachotsedwe kampani ikafooka. Paja akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wochenjeza kampani kuti ikuberedwa akugwira ntchito imene anamulembera. Kuyamika abwana ake angathe kukusonyeza m'njira zambiri, monga ulemu ndi kulimbikira ntchito, koma thandizo limene anamupatsa lisasanduke ngongole yobweza ndi dzina lake.

Sindikufuna kukunamizani kuti kuulula n'kophweka. Oulula ambiri amasalidwa, amatchedwa akazitape, amasamutsidwa kapena kuchotsedwa ntchito pa zifukwa zongopeka. Ena amataya ngakhale moyo: Babita Deokaran, yemwe anaulula za malipiro okayikitsa mu dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng ku South Africa, anawomberedwa kunyumba kwake ku Johannesburg mu Ogasiti 2021, ngakhale kuti South Africa ili ndi lamulo loteteza oulula kuyambira mu 2000. Britain inakhazikitsa lamulo lake mu 1998. Malamulo oterewa amasiyana dziko ndi dziko, ndipo nthawi zambiri amateteza yekhayo amene watsatira njira imene lamulolo likunena. N'chifukwa chake mmene adzanenere ndi nkhani yaikulu ngati kunena kwenikweniko.

Choyamba, asiye kusaina. Sakufunika kuloza munthu chala. Angonena mwaulemu kuti, "Bwana, ndisaina ndikaona katunduyo ndi maso anga." Nthawi zina zimathera pomwepo. Komanso mwina pali dongosolo lina limene iye, monga watsopano, sanalimvetse, choncho kufunsa kumamupatsa mpata wodziwa ngati ndi chinyengodi.

Akaona kuti akumukakamizabe, ayambe kulemba m'kabuku kakekake tsiku, nambala ya pepala, ndi mawu amene anauzidwa. Alembe zokhazo zimene waona yekha, zamphekesera azisiye. Kabukuko kasamakhale mu ofesi. Asatulutse mafayilo a kampani asanafunse loya kapena bungwe la ogwira ntchito, chifukwa kutero kungapatse abwanawo chifukwa chomuchotsera. Akatero afufuze njira zimene kampaniyo ili nazo: ofufuza mabuku a mkati, komiti ya bodi, kapena nambala yonenera zinthu mwachinsinsi ngati ilipo. Zikakanika m'katimo, kapena akaona kuti akuluakulu onse ali momwemo, apite ku bungwe la boma lolimbana ndi katangale kapena kupolisi. Pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp asayerekeze n'komwe, angadzipezere mlandu woipitsa mbiri ya munthu ndipo umboni ungawonongedwe asanafike ofufuza.

Za mapepala amene wasaina kale, asabise. Akamakanena atchule yekha kuti anasaina angati ndiponso pa masiku ati. Zimamukomera kuti zimveke kuchokera pakamwa pake kusiyana n'kuti ena azitulukire.

Inuyo, Mayi, mbali yanu ndi yaikulu. Mwanayu angathe kutaya ntchito, choncho ayambiretu kufunsira ntchito kwina mwakachetechete. Mukhale naye pansi, mumuuze kuti zikavuta kunyumba ali ndi malo ndipo simudzamuimba mlandu, kenako mumuthandize kupeza loya woti akambirane naye asanapereke lipoti lake.