Za rauta ija, msuweni

Ee, msuweni, ndamva. Ukufunsa kuti ugule rauta, kabokosi kaja kogawa WiFi, yamtundu wanji. Koma ine ndimakudziwa iwe, vuto lako si rauta ayi. Bandulo ikutha msanga ndiye ukukayikira anyamata a pa lendi aja. Usakane.

Amalume a ku Ndirande ukuwakumbukira? Za kamera zija. Anagula kamera yoti aziona golosale pa foni akakhala kumudzi. Pasiwedi ya WiFi ankasintha mwezi ndi mwezi... iyayi, sabata ndi sabata, mpaka akazi awo anatopa n'kumailemba pa kalendala ya kukhitchini. Eti chitetezo! Pomwe kamera ija inali itauza kale rauta kudzera pa UPnP (njira imene zipangizo zimapemphera zinthu kwa rauta pazokha) kuti itsegule port, ndiye kuti khomo lolowera kuchokera pa intaneti, rauta n'kutsegula osafunsa kanthu. UPnP anaipanga choncho, chipangizo chilichonse cholumikizidwa m'nyumba imangochikhulupirira. Kamerayo dzina admin, pasiwedi admin. Utawauza, amalume ankati akuba a pa intaneti sangalimbane ndi golosale ya sopo ndi mchere. Komatu safufuza kuti ndiwe ndani. Mirai, vairasi uja wa 2016, ankangoyendayenda pa Telnet (njira yolamulira chipangizo uli kutali), port 23, kuyesa mapasiwedi a kufakitale. Chaka chomwecho ku Germany marauta a Deutsche Telekom pafupifupi 900,000 anasokonezeka kudzera pa port 7547, ya TR-069, njira imene kampani imakonzera rauta ili kutali.

Aa, ndasochera. Za iwezo... dikira. Ee, WPS, njira ija yolumikizira foni pa WiFi ndi batani kapena PIN m'malo mwa pasiwedi. PIN yake ili ndi manambala 8, koma rauta imaona anayi oyamba paokha, otsalawo paokha, ndiye kuyesa ka 11,000 kumakwana. Akuba akaipeza PIN, rauta imawapatsa yokha pasiwedi ya WiFi, ngakhale usinthe kangati.

Choncho usagule kanthu. Lemba 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1 pa browser ya foni, ikakhala MiFi (karauta kam'thumba) ya Huawei ndi 192.168.8.1. Sintha pasiwedi ya admin, zimitsa WPS, UPnP ndi Remote Management (yolowera mu rauta uli kutali), kenako usinthe ya WiFi, chitetezo chake chikhale pa WPA2. TR-069 nthawi zambiri suioneka, ili m'manja mwa kampani.

Wamva? Ya admin, yolowera mu rauta momwemo, si ya WiFi ija. Ndikubwereza poti iwe umamvera voice note ukukazinga mbatata: zimitsa zitatu zija kaye, pasiwedi ya WiFi pambuyo. Ukamaliza tsegula mndandanda wa mafoni olumikizidwa unditumizire chithunzi, mwina wakudyera bandulo ndi mwana wako yemwe ndi TikTok.