Ngati raibosomu imadzimanga yokha, othandizira ndi a chiyani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa bayoloji ku sekondale. Buku lina likuti akatswiri anasakaniza zidutswa za raibosomu ya bakiteriya m'kabotolo, ndipo zinalumikizana zokha. Lina likuti m'selo muli mapuloteni ambiri amene ntchito yawo ndi kuthandiza raibosomu kukhwima. Ana akandifunsa, ndiwauze ziti? — Mphunzitsi wa bayoloji

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni zonse ziwiri, pakuti palibe buku limene likunama.

Tiyambe ndi kabotolo. Raibosomu, imene imapanga mapuloteni m'selo, ili ndi zigawo ziwiri. Mu bakiteriya wa E. coli, chaching'ono, 30S, chili ndi RNA imodzi yotchedwa 16S ndi mapuloteni 21. Chachikulu, 50S, chili ndi ma RNA awiri, 23S ndi 5S, ndi mapuloteni oposa 30. Mu 1968, Peter Traub ndi Masayasu Nomura, ku yunivesite ya Wisconsin, anaphwasula chaching'onocho n'kubwezera zidutswazo pamodzi, ndipo chinamangika n'kuyamba kugwira ntchito. Knud Nierhaus ndi mnzake Ferdinand Dohme anachita zomwezo ndi chachikulu ku Berlin mu 1974.

Koma taonani zimene zinafunika kuti 50S imangike. Anaitenthetsa kaye pa madigiri a pakati pa 40 ndi 44, kenako pa 50, atawonjezera maginiziyamu wambiri, n'kudikira kupitirira ola limodzi. E. coli alibe chitofu. Amakhala pa madigiri 37 m'matumbo mwathu, ndipo chakudya chikachuluka amagawanika mphindi 20 zilizonse, ali ndi maraibosomu masauzande ambirimbiri oti apange. Kwa iye raibosomu imodzi imamangika m'mphindi ziwiri kapena zitatu basi.

Vuto lenileni ndi RNA. Ya 16S ili ndi manyukiliyotaidi (tizidutswa timene timalumikizana kupanga RNA) pafupifupi 1,540, ya 23S pafupifupi 2,900, ndipo iliyonse iyenera kudzipinda m'njira imodzi yokha. Ili ngati ulusi wautali umene mwaupinda mothamanga: umachita mfundo pamalo olakwika, ndipo mfundo yolakwikayo imalimba ngati yoyenera yomwe. M'labotale kutentha ndi kumene kunkamasula mfundozo. M'selo muli mapuloteni a gulu la DEAD-box, monga SrmB ndi DeaD, amene amagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP (molekyulu yonyamula mphamvu m'selo) kumasula RNA yopindika molakwika kuti iyesenso. Kukazizira mfundo zolakwika zimakanirira kwambiri. N'chifukwa chake bakiteriya amene amuchotsera DeaD kapena puloteni ina yothandizira yotchedwa RbfA amakula ndithu pa madigiri 37, koma mukamuika pozizira amangofooka.

Palinso china. M'kabotolo RNA inali yathunthu kale. M'selo imatuluka ili chingwe chimodzi chachitali, enzaimu ya RNase III n'kumachidula, mapuloteni n'kumakakamira mutu wake mchira usanalembedwe n'komwe.

Mbali imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya alonda. Kagawo ka 30S kosakhwima kakangoyamba kuwerenga uthenga wa mRNA (RNA yonyamula malangizo opangira puloteni), kamalakwitsa, ndipo selo imawononga mphamvu pa mapuloteni opanda pake. Ndiye ena mwa othandizirawa amangokhala pamalo penipeni pamene ntchito imachitikira, kutsekereza. KsgA imakhala pamene 30S imayenera kukumana ndi 50S, moti ili pomwepo zigawo ziwirizi sizingagwirane. Imachoka ikaika timagulu ta methyl pa manyukiliyotaidi awiri oyandikana, A1518 ndi A1519. RbfA nayo imagwira 30S yosakhwima mpaka RsgA itabwera kudzaichotsa pogwiritsa ntchito GTP, molekyulu ina yonyamula mphamvu ngati ATP. RimM imathandiza mutu wa 30S kukhazikika bwino, Era imagwira kumapeto kwa 16S. Kumbali ya 50S kuli othandizira Der ndi ObgE, ndipo mu bakiteriya wina, Bacillus subtilis, muli RbgA.

Mfundo imene ana amaisokoneza kawirikawiri pa mayeso ndi iyi: palibe ndi mmodzi yemwe mwa othandizirawa amene amatsalira mu raibosomu yokhwima. Akamaliza amachoka n'kupita kukagwira ina. Choncho musawawerengere pa mapuloteni 21 aja.

Mwina mwana wochenjera adzafunsa kuti, ngati ndi ofunika chotere, bwanji bakiteriya amakhalabe ndi moyo ena atachotsedwa? Chifukwa njira zomangira si imodzi. Ina ikatsekeka, zidutswa zimadzera ina, kungoti mochedwa. Komabe si onse amene angachotsedwe: E. coli wopanda Era, Der kapena ObgE samera n'komwe. Apa m'pamene ofufuza mankhwala aika diso. Mankhwala amene tili nawo, monga streptomycin, tetracycline ndi erythromycin, amakakamira raibosomu yeniyeniyo, ndipo mabakiteriya ambiri aphunzira kuwapewa. Kutseka Der kapena Era kungakhale kulowera khomo lina.

Zimachitikanso mosemphana. Bakiteriya amene wataya KsgA safanso msanga ndi mankhwala a kasugamycin, ndipo dzina la puloteniyi linachokera pamenepo, pakuti akatswiri anaipeza akufufuza chifukwa chake mabakiteriya ena sankamva mankhwalawo.