Funsani Tikuyankheni: Mwini Mawu a Mufasa Anali Ndani?

FUNSO: Ana anga amakonda kwambiri kanema wa The Lion King, ndipo tsiku lina nditakhala nawo pansi kuti ndionere nawo, mawu a Mufasa anandigwira mtima. Mwana wanga wamkulu akuti munthu amene ankalankhula m'malo mwa mkango umenewu anamwalira. Kodi anali ndani, nanga ntchito yake inali yongolankhula m'makatuni basi?
Bambo wa ana atatu, Lilongwe

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo akunena zoona. Mawu amenewo ndi a James Earl Jones, katswiri wa zisudzo wa ku America amene anabadwa pa 17 Januwale 1931 ku Arkabutla m'chigawo cha Mississippi, ndipo anamwalira pa 9 Sepitembala 2024 ali ndi zaka 93. Iwo ndi amene analankhula ngati Mufasa mu kanema wa 1994 komanso mu uja anakonzedwanso mu 2019. Mawu oopsa a Darth Vader, munthu woipa wa m'makanema a Star Wars, kuyambira mu 1977, ndi awonso, ngakhale kuti amene ankavala chovala chakudacho anali munthu wina, David Prowse wa ku Britain.

Komabe tingawalakwire kwambiri a Jones titawakumbukira ngati munthu wongolankhula kuseri kwa zithunzi, chifukwa kwawo kwenikweni kunali pa siteji. Anapita ku yunivesite ya Michigan ndi cholinga chodzakhala dokotala, koma anasintha n'kuyamba maphunziro a zisudzo. Atachoka ku usilikali anapita ku New York, kumene ankapeza ndalama yodyera pokolopa ndi kusesa uku akuphunzirabe luso lawo. Kumeneko anachita masewero ambiri a William Shakespeare, kuphatikizapo Othello ndi King Lear. Dzina lawo linamveka ponseponse mu 1968 ndi sewero la The Great White Hope, lomwe linatengera moyo wa Jack Johnson, munthu wakuda woyamba kukhala katswiri wa nkhonya wa dziko lonse pa gulu la anthu olemera thupi. Sewero limeneli linawapatsa mphoto ya Tony, yomwe ndi mphoto yapamwamba ya zisudzo za pa siteji ku America, mu 1969, ndipo analandiranso ina mu 1987 chifukwa cha Fences, sewero la August Wilson momwe anali Troy Maxson, bambo wonyamula zinyalala mumzinda wa Pittsburgh amene ali ndi mkwiyo chifukwa tsankho linamutsekera mwayi pa masewero a baseball.

Ife timakhulupirira kuti mphamvu imene munaimva mwa Mufasa inaumbidwa pa siteji pomwepo. Wochita zisudzo ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, amabwereza sewero lomwelo kasanu ndi katatu pa sabata, ndipo mawu ake ayenera kumveka bwino kwa munthu amene wakhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni, popanda kukuwa kapena kusasa mawu pofika Loweruka. Zimenezi zimafuna kudziwa kukoka mpweya kuchokera m'mimba, kutchula chilembo chilichonse mpaka kumapeto, komanso kudziwa pamene payenera kukhala chete. Anthu a besi yaikulu alipo ambiri, ngakhale m'makwaya athu, koma ndi ochepa amene angathe kuichepetsa kuti mawu omwewo amene akudzudzula mwana asanduke otonthoza pa kamphindi, monga amachitira Mufasa polankhula ndi mwana wake Simba.

A Jones anali ndi mbali yawo pa nkhani za kuno kumwera kwa Africa. Anachita masewero a Athol Fugard wa ku South Africa, monga Boesman and Lena mu 1970 ku New York, ndipo mu 1995 anali M'busa Stephen Kumalo mu kanema wa Cry, the Beloved Country, bambo wa kumudzi amene akupita ku Johannesburg kukafunafuna mwana wake. Mu 2022 nyumba ya zisudzo ya Cort ku Broadway inasinthidwa dzina n'kukhala James Earl Jones Theatre iwo akadali moyo.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka zisanu ndi zinayi ali ndi chibwibwi, ndipo anzake kusukulu amamuseka moti wasiya kukweza dzanja m'kalasi. Mlamu wanga anandiuza kuti James Earl Jones nayenso anali ndi chibwibwi. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ankangofuna kundilimbitsa mtima?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, alamu anu sanakunamizeni. A Jones ali ndi zaka zisanu anasamuka ku Mississippi kupita ku Michigan kukaleredwa pa famu ya agogo awo, ndipo m'nthawi imeneyo anayamba chibwibwi choopsa kwambiri moti kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu ankakhala ngati wosalankhula pagulu. Iwo eni ankafotokoza kuti ankatha kulankhula ndi ziweto za pa famupo komanso pang'ono ndi a pabanja, koma kusukulu ankangokhala duu.

Amene anawatsegula pakamwa anali mphunzitsi wawo wa Chingelezi ku sekondale, Donald Crouch. Mnyamatayo atalemba ndakatulo yokhudza manyumwa, mphunzitsiyo anamuuza kuti ndakatuloyo ndi yabwino kwambiri moti njira yokhayo yotsimikizira kuti sanaikopere kwina ndi kuilakatula pamtima pamaso pa kalasi yonse. Mnyamatayo anaimirira n'kuilakatula mpaka kumapeto osadodoma. Kuyambira pamenepo mphunzitsiyo anamulimbikitsa kuwerenga ndakatulo mokweza ndi kulowa mipikisano ya mtsutso ndi ya kulankhula pagulu.

Pali mfundo imodzi imene tikufuna muimvetse bwino, chifukwa nthawi zambiri nkhaniyi imakambidwa ngati chozizwitsa cha tsiku limodzi. A Jones ankanena mpaka ku ukalamba wawo kuti chibwibwicho sichinathe, anangophunzira kukhala nacho ndi kuchiwongolera, ndipo mawu olembedwa kale amene anawaloweza ankawathandiza kwambiri kusiyana ndi kulankhula za m'mutu. Anthu ambiri a chibwibwi amapezadi kuti sadodoma poimba kapena polakatula. Choncho mwana wanu musamufulumizitse, musamumalizire mawu amene akuvutika nawo, ndipo musalole kuti wina aliyense pakhomo amukalipire kapena kumuyeserera, popeza mantha amangowonjezera vutoli. Pitani mukakambirane ndi aphunzitsi ake za kusekedwako, chifukwa mwana amene wasiya kukweza dzanja amayamba kutsalira ngakhale ali wanzeru. Madzulo muziwerenga naye mokweza kandakatulo kapena ndime ya m'buku imene amaikonda, nonse pamodzi poyamba, kenako iye yekha. Ngati n'kotheka, funsani kuchipatala chachikulu ngati kuli katswiri wothandiza ana pa kalankhulidwe.

FUNSO: Ndamva kuti mawu a Darth Vader akumvekabe m'zinthu zatsopano ngakhale mwini wake anamwalira. Zikutheka bwanji?
Wophunzira wa ku Mzuzu

YANKHO: Zikutheka kudzera pa kompyuta. A Jones atakalamba analola kuti mawu awo akale ojambulidwa agwiritsidwe ntchito popanga mawu atsopano a Darth Vader, ndipo kampani ya ku Ukraine yotchedwa Respeecher ndi imene inachita zimenezi pa sewero la pa kanema la Obi-Wan Kenobi mu 2022. Mu 2025 mawu omwewo anamvekanso mu gemu ya Fortnite ndi chilolezo cha banja lawo, koma bungwe la ochita zisudzo la SAG-AFTRA linadandaula kuti kampani yopanga gemuyo sinakambirane nalo isanapereke kwa makina ntchito imene anthu amoyo akanaigwira. Ife tikuona kuti dandauloli ndi lomveka, chifukwa chilolezo cha mwini mawu sichiyankha funso la achinyamata amene amadya chifukwa cha ntchito yomweyo. Pa kanema woyamba wa Star Wars wa mu 1977, a Jones analipidwa madola 7,000 ndipo anapempha kuti dzina lawo lisalembedwe pa kanemayo, poona kuti ulemu unali wa amene anavala chovalacho. Dzinalo linayamba kulembedwa mu 1983.