Kodi Amwenye akhala akudya tsabola chiyambire kale?

Mayi wina wa ku Limbe wanditumizira kalata pa imelo, kufunsa ngati ndiwo zowawa tsabola zimene amalawa kwa anansi ake achimwenye ndi zomwezo zimene makolo awo ankadya kalekale. Mayi, yankho ndi lakuti ayi, ndipo mbiri yake imandichititsa chidwi kwambiri.

Tsabola wowawa uja kwawo ndi ku America. Anafika ku India ndi Apwitikizi, Vasco da Gama atakocheza pa Calicut mu 1498 ndiponso anzake atalanda Goa mu 1510. Izi zisanachitike, ophika ankakometsera ndiwo ndi tsabola wakuda wolimidwa kugombe la Malabar, mtundu wina wotchedwa pippali, jinja ndi nthangala za mpiru. Matimati ndi mbatatesi nazonso n'zochokera ku America, motero samusa wa mbatatesi ndi wa posachedwa, ngakhale kuti samusayo anabwera kale kuchokera ku Middle East ndi pakati pa Asia, ali ndi nyama m'kati mwake. Mafumu a Mughal, amene ulamuliro wawo anauyambitsa ndi Babur mu 1526, anatchukitsa mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama, monga pilau ndi biryani. Tiyi anayamba kulimidwa m'minda ikuluikulu ku Assam m'zaka za m'ma 1830 pansi pa Angelezi, koma anthu wamba anazolowera kumwa m'zaka za m'ma 1900.

Komabe, kwa ine kusintha kwakukulu kunachitika pa chakudya chenicheni chokhutitsa. Mawere, mapira ndi mchewere, mbewu zimene zinachokera kuno ku Africa zaka masauzande angapo zapitazo, ndizo zinkadyetsa mabanja ambiri akumidzi m'madera ouma a India. M'zaka za m'ma 1960, dzikolo likuopa njala, akatswiri monga M. S. Swaminathan ndi Norman Borlaug analimbikitsa tirigu wobereka kwambiri, makamaka ku Punjab, ndipo boma linkagula tirigu ndi mpunga n'kumagulitsa kwa anthu pamtengo wotsika. Njala inachepa, koma mawere anayamba kuonedwa ngati chakudya cha osauka ndipo anasowa pa mbale zambiri. Lero, matenda a shuga atachuluka, India akuyesetsa kubwezeretsa mbewuzi, ndipo ndi dzikoli limene linapempha bungwe la United Nations kuti chaka cha 2023 chikhale chokumbukira mawere, mapira ndi mchewere.