Achemwali a pa Kamuzu Road, musakongole ndalama chifukwa cha AI

Mtsikana wina amene amatayipa makalata ndi kupanga fotokope pa Kamuzu Road kuno ku Salima wandilembera imelo. Akuti makasitomala ayamba kubwera ndi ma CV olembedwa kale ndi ChatGPT, pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa pakompyuta) imene imalemba zimene munthu waiuza, iye n'kumangosindikiza. Akufunsa ngati ntchito yake yatha, komanso ngati akongole kubanki m'khonde agule foni yamakono kuti asatsalire.

Achemwali, funso lanu landilasa mtima, chifukwa ine ndinali wojambula zithunzi ku Senga Bay. Loweruka mabasi a ana asukulu ndi makwaya ankatsika kuchokera ku Lilongwe, ine kamera ili pakhosi, kuyenda mumchenga mpaka dzuwa kupendeka. Filimu ndinkakatsukitsa kutauni, zithunzi n'kuzitumiza kwa eni ake. Ndalama imeneyo ndiyo inalipirira mng'ono wanga sukulu. Kenako mafoni a kamera anatchipa, anthu omwewo n'kumandipatsa foni yawo kuti ndiwajambule ulere. Palibe anandichotsa ntchito, inangouma ngati chithaphwi mu Okutobala. Anzanga ena analowa kabaza, ena anapita kukadula nzimbe ku Dwangwa. Ine ndinatsala ndi maukwati, zinkhoswe ndi zithunzi za ziphaso, chifukwa pa zimenezi munthu amafuna wina woti akamufunse zikalakwika.

Choncho sindikunamizani. Kutayipa kokhakokha kukupita. ChatGPT inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI mu Novembala 2022, ndipo kalata ya Chingerezi yofunsira ntchito imailemba madzi asanawire pambaula. Imachita zimenezi poganizira mawu oyenera kutsatira anzake, malinga ndi zolemba zambirimbiri zimene inaphunzirapo, zochuluka zili za Chingerezi. N'chifukwa chake pa Chichewa imapunthwa, ndipo ikasowa chonena imapeka molimba mtima. Kalata yogulitsana malo, yofunika mboni ndi chidindo cha amfumu, kapena malipoti a msonkhano wa mpingo, imafunabe munthu wodziwa mmene timalankhulirana kuno.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi misonkhano ya m'mahotela a m'mbali mwa nyanjamu, kumene achinyamata amauzidwa kuti tsogolo ndi AI, aliyense athamange. Athamange ndi chiyani? Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 kuyambira mu 2021, koma m'midzi yambiri m'boma lomweli anthu amalipirabe kuti atchajitse foni pagolosale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafoni timagula ndi madola, bandulo nayo imadya ndalama ya ndiwo. Ndiye pabwere ogulitsa mafoni a ngongole, aja amatseka foni ukachedwa kulipira, n'kumauza mwana wa munthu kuti popanda foni yatsopano watsalira. Kumeneko n'kudyera pa mantha a anthu, ndipo ndikukana.

Sikuti zipangizozi ndimadana nazo. Airtel Money ndi Mpamba zinapatsa achinyamata ambiri timabenchi ta maejenti, ngakhale komishoni yake ndi yochepa. Palinso Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linakonza kuti iziyankha mafunso a alimi m'Chichewa potengera buku la Unduna wa Zaulimi. Chotere ndimachiwombera m'manja, chifukwa chinayambira pa vuto la mlimi, mbozi m'chimanga kapena nkhumba yodwala. Ndikufuna tsiku lina tidzaone chonga chimenechi cha asodzi a usipa, chowachenjeza za mwera asanalowe panyanja.

Tsono muchite chiyani?

Musakongole. Meta AI, pulogalamu yofanana ndi ChatGPT, ili kale mu WhatsApp yanu, ndipo ChatGPT imatseguka ulere pakompyuta ya pashopu. Yeserani pa zimenezo. CV ikabwera yolembedwa kale, iwerengeni, chotsani zabodza ndi mawu okokomeza, muikonze bwino, ndipo mulipiritse padera ntchito yokonzayo. Phunziraninso kudzazira anthu mafomu a pa intaneti, chifukwa ambiri amawaopa. Koma manambala a zitupa ndi a foni za makasitomala anu musamawalowetse mu AI.