Zimitsani injiniyo achimwene

Achimwene, galimotoyo musayilizenso. Kugogoda kwa pansi pa injini mukunenako, kokula injini ikatentha, ndi komwe kunandidyera injini yonse ine, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Yanga inali Corolla. Zinayamba ndi kaphokoso kochepa, kho kho kho, ndikangoponda mafuta, kanyali ka oyilo nkumaphethira ndikaima. Ndinapita kwa makaniko yemwe ndinkamukhulupirira kwa zaka. Sanagwade n'komwe kuti asuzumire pansi. Anangotchera khutu, nkuti ndi ma tapeti awa bwana (tizitsulo ta kumtunda kwa injini tokankha ma valavu), nkuthira oyilo wokhuthala wa 20W-50. Phokoso linachepadi, ine nkuthokoza, osadziwa kuti wangolitseka pakamwa.

Patangotha masabata awiri, usiku, mvula ili pakati, ndili ndi akunyumba ndi mwana wodwala kumbuyo, tikukwera chitunda. Gu gu gu gu, ngati wina akumenya hamala pansi pa mapazi anga. Kanyali kofiira kaja kanayaka osathimanso. Ndinati ndilimbe mtima, ndingofika pamwamba pokha. Kenako phuu! Utsi, fungo la oyilo wopserera, injini zii. Nditaunika ndi foni ndinapeza oyilo akuyenderera pamsewu limodzi ndi madzi a mvula, con rod (mkono wachitsulo wa pisitoni) itaboola buloko, thupi lenileni la injini, chibowo choti chibakera nkulowa. Manja ankanjenjemera. Mwana akulira, mayi ake ali chete, ine ndanyowa mpaka mkati.

M'mawa mwake munthu yemwe uja akundifunsa kuti munkayendetseranji ikugogoda? Iyeyo! Amene anandiuza kuti pitani, palibe vuto. Ngakhale pepani sanatulutse.

Ma tapeti amalira pamwamba, mopepuka, te te te. Lina limamveka ngati timiyala m'chitini pokwera mtunda, limenelo nthawi zambiri ndi mafuta, timing (nthawi yomwe mapulagi amayatsira moto) kapena knock sensor (kachipangizo komva kugogoda m'injini). Koma lolemera, lochokera kumunsi, lothamanga limodzi ndi injini, amakhala ma bearing, tizitsulo tomwe crankshaft (chitsulo chachikulu chozunguzidwa ndi ma pisitoni) imazungulirapo, ndipo limakula oyilo akatentha chifukwa amasanduka wamadzimadzi. Khuthulirani oyiloyo m'beseni loyera mumuyang'ane padzuwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mkuwa, ndi ma bearing omwewo. Fyuluta nayo idulidwe muone mkati mwake. Ngati mukukayikabe, ikani fyuluta ina, thiranimo oyilo, ndipo apa pokha ilizeni kamphindi chabe, muzichotsa coil (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) imodziimodzi: pomwe phokoso lachepa, silinda yodwala ndi imeneyo.

Mukazipeza msanga, amakaniko amamasula sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) nkusintha ma bearing. Crankshaft ikakhala yokalika imakapalidwa, nkuikamo ma bearing a 0.25 kapena 0.50 mm malinga ndi momwe aipalira. Aonenso oil pump, apo ayi atsopanowo apsanso. Ine mwayi umenewu ndinaluza, buloko inali yotaya.

Komabe kunena zoona, ndikanakhala inu sindikanalimbana n'zomasula. Akatsegula, mndandanda suchedwa kutalika: ma ring, ma gasket, mwina ma pisitoni, ndipo wopala akalakwitsa muyeso mwabwerera pomwe munayambira. Ine ndinagula injini yogwirapo kale ntchito ndipo ikuyenda mpaka pano, ngakhale imanyambita oyilo pang'ono. Mukamagula, ayeze compression (mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda) inu mukuona, ndipo muvundukule chivundikiro cha pamwamba muone ngati mulibe phala lakuda. Kugalajako ipite mochita kukoka, ndipo pokhuthula oyiloyo mukakhalepo nokha.